Wobwereketsa Nsapato ku Aviemore

Ntchito yanga ndi mapazi.
Kusanache, mdima wa Januwale ukadali bii,
ndimatsegula shopu yoyang'anana ndi siteshoni
n'kuwerenga nsapato zolimba ngati chigoba cha kamba,
mapeyala zana, kupatula ija yoduka lamba.

Sitima ya usiku yochokera ku London ikatula katundu wake
amalowa maso ali psuu ndi tulo.
Moni wawo ndi nambala:
sikisi, naini, leveni ndi theka.
Ine ndimagwada ngati mkamwini wofika kumene,
ndimange malamba, ndifunse ngati chala chikupuma.
Kenako basi iwanyamula kudutsa nkhalango ya paini
kupita ku Cairn Gorm kukagula kugwa.
Eya, amalipira kuti akagwe,
timatabwa tiwiri kumapazi, ndodo m'manja.
Nditamulembera mlongo wanga ku Chitakale
anangoyankha kuti, achimwene, mwayamba mowa?

Mwini shopu ndi Ishbel, tsitsi lili mbuu,
wailesi saikhulupirira.
Amatuluka panja n'kununkhiza mphepo,
ati chipale chimatumiza fungo patsogolo,
fungo la chitsulo chonyowa.
Bambo ake anagwira nawo fosholo
pamene ankakumba msewu wokwera phirilo,
iye ali kabuthu kowatengera tiyi m'botolo.
Ati kale chipale chinkameza mipanda
osaibweza mpaka Epulo.
Chaka chino Khrisimasi tadya ndi mvula.
Masabata awiri nsapato zinangokhala pa mashelefu
kukamwa kuli yasaa ngati ana a mbalame,
ine n'kumapukuta fumbi lomwe panalibe.

Tsiku lina lopanda kasitomala anati, tseka, tiye.
Tinakwera chigwa mpaka pomwe phula lathera,
kenako wapansi, nsapato zikumira m'ndere.
Anaima pa miyala yondandalikana m'makona anayi,
yofika m'mawondo.
Apa panali khomo, anatero. Apa pankagona ng'ombe,
anthu uku, utsi umodzi.
Kunabwera kalata ya mwini malo:
nkhosa zinali ndi phindu kuposa anthu.
Pambuyo pa nkhosa, agwape a alenje olemera.
Ena a mtundu wake anakwera chombo cha ku Canada,
ena anatsikira ku njanji kukanyamula masutikesi.
Anatchula mapiri limodzilimodzi m'chilankhulo cha makolo ake,
mawu otuluka kukhosi ngati akutsokomola pang'ono.
Ndi okhawa amene anandisiyira, anatero,
maina. Kupempha madzi sindingathe.

Sindinayankhe.
Ndinkaona tiyi wa kwathu kunsi kwa Sapitwa,
wobiriwira bwino pa kalendala,
ndi mtengo wa mango woima wokha pakati pa esiteti.
Malume akamadutsa ankavula chipewa.
Mango samera okha, mphwanga, ankatero,
pamenepo panali khonde la munthu.

Usiku womwewo chinagwa.
Sichichita phokoso ngati mvula pa malata,
chimabwera ngati wakuba wodzasiya katundu.
M'mawa tauni yonse inali itafunda nsalu imodzi,
Ishbel akuimba mluzu, foni ikulira osapuma,
mzere utafika pa shopu ya buledi.
Ndinamanga mapazi makumi asanu ndi atatu.
Kamwana kena ka ku Leeds kanandifunsa
ngati kwathu kuli mapiri.
Alipo, ndinatero, koma sitiwatsetsereka,
timawapempha kaye tisanakwere.

Madzulo nsapato zimabwerera zonyowa,
zonunkha thukuta la anthu osawadziwa.
Ndimalowetsa dzanja mu iliyonse
kufufuza sokosi yoiwalika, kandalama, mwala.
Zina zimakhala zikadali zofunda.
Ndimaziika pa choumitsira, ndizimitse nyale.
Pawindo phiri likuwala lokha,
ndipo kwinakwake kuseri kwake
chipale chadzaza nyumba ija mpaka m'mawondo,
chaphimba khomo, chaphimba pogona ng'ombe.
Mawa wina adzadutsa pamenepo mwaliwiro
atavala nambala naini yomwe ndamanga ine.